Pamene Amayi Ofuna Voti Adasandutsidwa Choseketsa

Kumapeto kwa mwezi wa Seputembala m'chaka cha 1909, phungu wina wa Nyumba ya Malamulo ya ku Britain, dzina lake Keir Hardie, adaimirira ndi kufunsa boma funso. Iye adafuna kudziwa ngati zidali zoona kuti amayi ena amene adali m'ndende ya Winson Green, mu mzinda wa Birmingham, ankagwidwa manja ndi miyendo ndi kuthiridwa chakudya m'mimba kudzera m'kapaipi kamphira. Amayiwo adamangidwa chifukwa cha zipolowe zimene adachita pofuna ufulu woponya voti, ndipo atalowa m'ndendemo adakana kudya. Woyankhira boma adavomera kuti zidali zoona, koma adati chimenecho chidali chithandizo wamba cha kuchipatala. Aphungu ambiri m'nyumbamo adaseka chikhakhali. Pambuyo pake Hardie adalembera nyuzipepala kuti akadapanda kumva ndi makutu ake, sakadakhulupirira kuti anthu aulemu wawo angaseke nkhani yotere.

Kodi chidawaseketsa n'chiyani? Anthuwa adali ophunzira, ambiri a iwo adali ndi akazi ndi ana aakazi kunyumba, ndipo palibe mmodzi yemwe amene akadalola kuti mlongo wake achitidwe zotere. Yankho lake ndi lakuti kwa zaka zoposa 50 anthu a ku Britain, ndi a ku America omwe, adali ataphunzitsidwa pang'onopang'ono kuti mkazi wofuna voti ndi chinthu choseketsa. Adaphunzira zimenezi m'nyuzipepala, m'zithunzi, m'nyumba za zisudzo ndi pa makadi a ku positi. Tsono munthu ukazolowera kumuseka, ngakhale alire umangoti akukometsera sewero. Nkhani yathu ya lero ndi ya chitonzo chimenechi: kumene chidachokera, m'mene chinkagwirira ntchito, ndi m'mene amayiwo adachigonjetsera.

Gwero la chitonzo

Chitonzochi n'chakale kuposa mabungwe a amayiwo. M'chaka cha 1792 mayi wina wa ku London, Mary Wollstonecraft, adalemba buku lotchedwa A Vindication of the Rights of Woman, lonena kuti mkazi ali ndi nzeru monga mwamuna ndipo ayenera kuphunzira mofanana naye. Chaka chomwecho munthu wina wozama pa maphunziro a Agiriki, Thomas Taylor, adatulutsa kabuku komunyogodola, konena kuti ngati zili choncho ndiye kuti nyama nazonso zipatsidwe ufulu wawo. Horace Walpole, mlembi wotchuka wa masiku amenewo, adamutcha mayiyu fisi wovala pitikoti. Taonani kuti pa awiriwa palibe amene adakhudza mfundo ya maphunziro ija. Iwo adapeza njira yachidule: ukamusandutsa munthu nyama, sufunikanso kumuyankha.

Ku America zidayendanso chimodzimodzi. Mu Julayi 1848 anthu pafupifupi 300 adasonkhana m'tchalitchi cha ku Seneca Falls, m'chigawo cha New York, motsogozedwa ndi Elizabeth Cady Stanton ndi Lucretia Mott. Anthu 100, amayi 68 ndi abambo 32, adasaina chikalata cha madandaulo a akazi, ndipo msonkhanowo udapemphanso voti. Nyuzipepala zambiri zidawagwa ndi mawu achipongwe, kotero kuti ena mwa osainawo adafafaniza maina awo chifukwa cha manyazi. Nyuzipepala ya New York Herald idasindikiza chikalata chonsecho ndi cholinga choti anthu aseke. Koma Stanton adakondwera, pakuti adaona kuti mdani wake wamufalitsira uthenga kwaulere kwa anthu amene iye sakadawafikira.

Patapita zaka zitatu, ena mwa amayiwa adayamba kuvala diresi lalifupi ndi thalauzi lotaya mkati mwake, pofuna kupumula ku zovala zolemera za masiku amenewo zimene zinkasesa matope mumsewu. Chovalachi chidatchedwa dzina la Amelia Bloomer, mkonzi wa nyuzipepala ya amayi amene adachitchukitsa. Ojambula zithunzi adapeza pogwira. Magazini yoseketsa ya ku London yotchedwa Punch idadzaza masamba ndi akazi a mathalauzi osuta ndudu ndi ofunsira amuna mbeta. Sipadapite zaka zambiri, Stanton ndi mnzake Susan B. Anthony adachisiya chovalacho, poona kuti akaimirira kulankhula za malamulo anthu ankangoyang'ana miyendo yawo.

Ku Britain nkhani ya voti idafika m'Nyumba ya Malamulo kudzera mwa John Stuart Mill, phungu amenenso adali katswiri wa maganizo. Mu 1866 iye adapereka pempho losainidwa ndi amayi pafupifupi 1,500. Mu Meyi 1867, pamene aphungu ankakambirana lamulo latsopano la zisankho, Mill adapempha kuti liwu limodzi lokha lisinthidwe: pamene padalembedwa kuti mwamuna palembedwe kuti munthu. Aphungu 73 adavomera, 196 adakana. Chaka chomwecho John Tenniel, wojambula wamkulu wa Punch, adajambula Mill akukankhira amuna kumbali kuti gulu la akazi lidutse, ambiri a iwo a nkhope zowawa, ndipo nthabwala yonse idagona pa kuwatcha akaziwo anthu. Kwa ife amene m'chilankhulo chathu liwu lakuti munthu silisankha mwamuna kapena mkazi, nthabwala imeneyi n'njovuta kuimasulira. Komabe ku London anthu adaseka.

Dzina lochepsa

Pofika chaka cha 1897 timagulu tambiri ta amayi tidagwirizana kukhala bungwe limodzi la National Union of Women's Suffrage Societies, limene mtsogoleri wake adali Millicent Fawcett. Bungweli linkatsata njira zaulemu: misonkhano, makalata, mapempho. Mu 1903 Emmeline Pankhurst ndi ana ake adayambitsa ku Manchester bungwe lina, Women's Social and Political Union, limene lidati zaka 40 za kupempha mwaulemu zakwana, tsopano pafunika zochita. Mu Okutobala 1905 Christabel Pankhurst ndi Annie Kenney, mtsikana wogwira ntchito m'fakitale ya nsalu, adasokoneza msonkhano wa Sir Edward Grey pofunsa mobwerezabwereza ngati chipani chake chidzapatsa akazi voti. Adatulutsidwa, adamangidwa, ndipo adasankha ndende m'malo mwa chindapusa.

Chaka chotsatira nyuzipepala ya Daily Mail idawapatsa dzina. M'Chingerezi munthu wolimbikira ufulu wa voti amatchedwa suffragist. Mtolankhani wa nyuzipepalayi adadula mchira wa liwuli ndi kulumikizapo wina, n'kukhala suffragette. Mchira umenewu umagwira ntchito imene ka- amagwira m'Chichewa. Tonse tikudziwa kusiyana kwa mphunzitsi ndi kamphunzitsi, kapena mfumu ndi kamfumu: ntchito ndi yomweyo, koma ulemu wachoka. Cholinga chidali chakuti anthu aziwaona ngati tiana tosewera masanje a ndale. Amayiwo adalitola dzinalo ndi manja awiri. Adayamba kudzitcha okha choncho, ndipo mu 1912 adalipatsa nyuzipepala yawo. Lero dzina limeneli limatchulidwa ndi ulemu, ndipo ndi ochepa amene amadziwa kuti lidabadwa ngati chipongwe.

Makadi a ku positi

Kuti timvetse kukula kwa chitonzochi tiyenera kukumbuka kuti masiku amenewo kudalibe wailesi. Chimene chinkafika m'nyumba iliyonse chidali positikhadi ya chithunzi. Ku Britain inkatumizidwa pa theka la kobiri, ndipo m'mizinda ikuluikulu makalata ankagawidwa kangapo pa tsiku. Anthu ankatumizirana makadiwa pa nkhani zazing'ono, monga kunena kuti afika bwino kapena abwera madzulo, ndipo ana ankawasonkhanitsa m'mabuku. Amalonda ataona kuti chithunzi chonyoza amayi a voti chikuyenda malonda, adachisindikiza mwaunyinji. Ambiri a amalondawa sankalabadira za ndale, ankangotsata ndalama. Koma chithunzi chikakhala pa tebulo la m'nyumba chimaphunzitsa ana ngakhale amene adachigula sadalinge kutero.

Tikaunjika makadiwa pamodzi timapeza kuti nthabwala zake zidali zinayi zokha, zongosinthidwa malaya. Yoyamba idali ya mbeta yokalamba: mayi wowonda, wa mphuno yaitali, mano otuluka ndi ambulera m'manja, amene akufuna voti chifukwa adasowa womufunsira. Yachiwiri idali ya bambo wosiyidwa pakhomo: mkazi wavala chipewa akupita ku msonkhano, mwamuna wamanga epuloni, akuchapa zovala, mwana akulira m'manja. Mu 1909 kampani ya Dunston-Weiler ya ku New York idatulutsa makadi 12 a mtundu wotere, ndipo pa ena padali bambo akumwetsa khanda mkaka wa m'botolo. Yachitatu inkajambula amayiwo ngati makanda olira kapena ana amphaka olusa. Yachinayi ndiyo yoopsa: mkazi womangiriridwa pa mpando, pakamwa pake pali loko, kapena lilime lake lakhomeredwa ndi msomali, ndipo pansi pake palembedwa kuti mtendere wapezeka.

Nthabwala yoyamba idali bodza loonekeratu. Emmeline Pankhurst adali mayi wamasiye amene adabereka ana asanu, ndipo ngakhale adani ake ankavomera kuti adali wooneka bwino ndi wodziwa kuvala. Millicent Fawcett adali mkazi wa phungu. Koma cholinga cha chithunzicho chidali kuopseza mtsikana amene ankafuna kupita ku msonkhano, kumunong'oneza kuti ukalowa gulu limeneli udzafa osakwatiwa. Nthabwala yachiwiri idaulula chimene eni ake sadafune kuulula. Anthu omwewa ankalalikira kuti ntchito ya pakhomo ndi yopatulika, ufumu wake wa mkazi. Nanga bwanji mwamuna akaigwira tsiku limodzi lokha idasanduka chilango ndi manyazi? Wojambulayo, mosazindikira, adachitira umboni kuti ntchito imene ankaitamanda pakamwa ankainyoza mumtima.

Nthabwala zomwezi zidalowa m'nyumba za zisudzo ndi m'kanema, amene nthawi imeneyo adali wachilendo ndi wosalankhula. Mu 1913 ku Britain kudatuluka kanema wotchedwa Milling the Militants, wa bambo amene mkazi wake wamusiyira ana. Bamboyo agona tulo ndi kulota ali nduna yaikulu, akulanga amayi a voti ndi zilango zochititsa manyazi. Chodabwitsa n'chakuti umboni wotsutsa zonsezi udalipo kale. Ku New Zealand akazi adayamba kuvota mu 1893, ku Finland adapatsidwa voti mu 1906, ndipo m'maiko amenewo mabanja sadapasuke, ana sadafe ndi njala. Koma nthabwala siifunsa umboni.

Chipongwe cha ophunzira

Tisaganize kuti onyozawo adali anthu wamba okha, kapena amuna okha. Mu 1889 amayi 104 a mabanja apamwamba adasaina chikalata chokana voti, ndipo mu 1908 mlembi wa mabuku Mary Ward, wodziwika ndi dzina lakuti Mrs Humphry Ward, adali mmodzi wa atsogoleri a bungwe la amayi okana voti. Mu 1910 bungweli lidaphatikizana ndi la amuna, ndipo adalitsogolera Lord Cromer, amene adalamulira Egypt kwa zaka zoposa 20, kenaka Lord Curzon, amene adali bwanamkubwa wa India. Mfundo yawo ina idali yakuti dziko lolamulira maiko ambiri limadalira mphamvu za amuna, ndipo anthu olamulidwawo sangalemekeze boma losankhidwa ndi akazi. Mwa maiko olamulidwawo mudali Nyasaland. Makolo athu nawonso ankanenedwa kuti ndi ana osakhwima pa za boma, ndipo m'Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba simudalowe Mwafirika ndi mmodzi yemwe mpaka chaka cha 1949. Chifukwa chomanira mkazi wa ku London ndi chomanira mwamuna wa ku Zomba chidali chochokera m'thumba limodzi.

Mu Malichi 1912, tsiku limene aphungu ankavotera bilu yopatsa akazi ena voti, nyuzipepala ya The Times idasindikiza kalata yaitali ya Sir Almroth Wright, dotolo wotchuka amene adapanga katemera wa matenda a taifodi. Iye adati maganizo a mkazi amasokonezeka kawirikawiri chifukwa cha chibadwa cha thupi lake, ndipo gulu la amayi a voti lili ndi misala mkati mwake. Apa mbeta ija ya pa positikhadi idavekedwa jekete la kuchipatala. Patapita masiku awiri m'nyuzipepala yomweyo mudatuluka yankho lalifupi. Mlembi wake adati atawerenga nzeru zozama za dotoloyo waona kuti funso la voti latha ntchito. Funso limene latsala ndi lakuti kodi si bwino kungothetseratu akazi onse? Mlembiyo adali Clementine Churchill, mkazi wa Winston Churchill, amene panthawiyo adali nduna ya boma. Bilu ija idagwa ndi mavoti 14 okha. Zifukwa zake zidali zingapo, kuphatikizapo ndale za Ireland ndi mawindo amene amayi adaswa mwezi womwewo, koma mpweya wa chitonzo udapeputsa ntchito ya aliyense amene adafuna kukana.

Kuchoka pa kuseka kufika pa nkhonya

Chitonzo sichithera pa pepala. Amayi akaimirira kulankhula pa mphambano ankagendedwa ndi mazira oola, nsomba zovunda ndi matope. Ophunzira a m'makoleji ankamasula mbewa m'nyumba za misonkhano kuti aone akazi akukwera pa mipando. Pa 18 Novembala 1910 amayi pafupifupi 300 adapita ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula, ndipo kwa maola asanu ndi limodzi apolisi ndi chigulu cha amuna adawakankha, kuwamenya ndi kuwagwira malo osayenera. Winston Churchill, amene apolisi adali pansi pake, adakana kuti pakhale kafukufuku. Ku Washington, pa 3 Malichi 1913, amayi oposa 5,000 adayenda pa ndawala yokonzedwa ndi Alice Paul. Khamu la amuna lidawatsekera njira, kuwatukwana ndi kuwalavulira, apolisi akungoyang'ana, mpaka padabwera asilikali a pa akavalo. Anthu pafupifupi 100 adatengeredwa kuchipatala.

Umboni woposa wonse udachokera kwa Lady Constance Lytton, mwana wa bwanamkubwa wakale wa India. Atamangidwa ku Newcastle mu 1909 adakana kudya, koma madotolo atamuyeza adati mtima wake ndi wofooka ndipo adamumasula. Iye adakayika kuti chamupulumutsa ndi dzina la bambo wake. Mu Januwale 1910 adameta tsitsi lake moipa, adavala magalasi ndi zovala zosaoneka bwino, kudzifanizira dala ndi mbeta ija ya m'zithunzi, n'kudzitcha Jane Warton, wosoka zovala. Adamangidwa ku Liverpool. Ulendo uno palibe adamuyeza mtima asadayambe. Adamudyetsa mokakamiza kasanu ndi katatu, ndipo dotolo adamuomba mbama. Mtima udali womwewo, chidasintha ndi nkhope ndi dzina. Thanzi lake silidabwererenso; mu 1912 adafa ziwalo mbali imodzi, ndipo adamwalira mu 1923.

Nkhanza zimenezi nazonso zidasanduka malonda. Kudatuluka makadi ojambula mkazi atamangidwa, fanulo ili kukamwa, anthu akumuthira supu, ndipo adagulidwa monga ena onse. Pamene Emily Wilding Davison adalowa m'bwalo la mpikisano wa akavalo ku Epsom pa 4 Juni 1913 ndi kugundidwa ndi kavalo wa mfumu, makalata omutukwana adafika kuchipatala iye ali chikomokere. Adamwalira patapita masiku anayi.

Kunena chilungamo

Tingalakwe kwambiri titanena kuti kudzudzula konse kudali kopanda maziko. Kuyambira 1912 gulu la Pankhurst lidachita zinthu zoopsa. Lidaswa mawindo a masitolo ku London, lidathira mankhwala oononga m'mabokosi a makalata, lidatentha nyumba ndi matchalitchi. Mu Febuluwale 1913 bomba lidaphulika m'nyumba imene inkamangidwira nduna David Lloyd George, ndipo Emmeline Pankhurst adagamulidwa zaka zitatu. Mu Malichi 1914 Mary Richardson adatema ndi chikwanje chithunzi chamtengo wapatali cha Velázquez mu National Gallery. Millicent Fawcett ndi bungwe lake, limene lidali lalikulu kuposa la Pankhurst, adatsutsa njira zimenezi poyera. Munthu wodzudzula kutentha nyumba adali ndi mfundo.

Koma tiyang'ane kalendala. Fisi wa pitikoti ndi wa 1795, anthu aja a Tenniel ndi a 1867, pamene windo loyamba lisadasweke. Amene adapempha mwaulemu adasekedwa, amene adafuula adasekedwanso. Mu Januwale 1906 Bernard Partridge adajambula mu Punch chithunzi chotchedwa The Shrieking Sister: mayi wodekha wagwira dzanja la mnzake wolusa, akumuuza kuti iye ndiye mdani wa nkhondo yawo. Chithunzichi chidali chochenjera kuposa makadi aja, pakuti chidaoneka ngati chikukomera akazi abwino. Chimene sichidanene n'chakuti mayi wodekhayo adali atadikira zaka 40 ndipo m'manja mwake mudalibe kanthu.

Kubweza moto

Pajatu akulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Amayiwa adazindikira kuti chida chachikulu cha adani awo ndi manyazi, ndipo adaganiza zotuluka. Mu Febuluwale 1907 amayi oposa 3,000 adayenda m'misewu ya London mvula ikugwa, matope ali thoo, pa nthawi imene mkazi waulemu wake sankayembekezeka kuoneka pa ndawala. Mu Juni 1908 khamu la anthu zikwi mazana angapo lidadzaza Hyde Park. Emmeline Pethick-Lawrence adasankhira gulu la Pankhurst mitundu itatu: chibakuwa kutanthauza ulemu, choyera kutanthauza kuyera mtima, chobiriwira kutanthauza chiyembekezo. Amayi ankalangizidwa kubwera atavala bwino koposa. Munthu amene adabwera kudzaona mbeta za mano otuluka adaona aphunzitsi, anamwino, madotolo m'mikanjo yawo ya ku yunivesite, ndi amayi a m'mafakitale, ndipo adabwerera kwawo chithunzi chija chitamusokonekera m'mutu.

Kenaka adatola chida chomwecho. Mu 1907 kudabadwa bungwe la ojambula la Artists' Suffrage League, ndipo mu 1909 lina la Suffrage Atelier. Chithunzi chawo china chidali ndi mizere iwiri. Pamwamba padali zimene mkazi angakhale koma osavota: mfumu ya mzinda, namwino, mayi wa ana, dotolo kapena mphunzitsi, wantchito wa m'fakitale. Pansi padali zimene mwamuna angakhale atakhalapo koma osataya voti: mkaidi, wamisala, chidakwa, ndi zina. Ichi sichidali chopeka, pakuti mu 1908 Elizabeth Garrett Anderson, mkulu wake wa Millicent Fawcett, dotolo woyamba wamkazi kulandira ziyeneretso zake m'Britain, adasankhidwa kukhala mfumu ya tauni ya Aldeburgh, koma sakadatha kusankha phungu. Pamene boma mu 1913 lidapanga lamulo lomasula mkaidi wokana kudya akafooka ndi kumugwiranso akachira, amayiwo adalitcha lamulo la mphaka ndi mbewa, ndipo adajambula chimphaka chitaluma mkazi pakamwa. Dzina lenileni la lamulolo lidaiwalika. Lachipongwelo ndilo lili m'mabuku a mbiri mpaka lero.

Ku America Alice Duer Miller ankalemba m'nyuzipepala ya New York Tribune, ndipo mu 1915 zolemba zake zidasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Are Women People? Luso lake lidali lotenga zifukwa za adani ndi kuzitembenuza osasintha kanthu. Adalemba zifukwa zomanira amuna voti, china mwa izo n'chakuti amuna amatengeka mtima msanga, monga aliyense angaonere ku bwalo la mpira. Marie Jenney Howe ankachita sewero la mayi wokana voti amene zifukwa zake zinkadyana zokha: akazi akapatsidwa voti sadzaigwiritsa ntchito, komanso adzangokhalira ku malo ovotera n'kusiya ana, adzavota monga amuna awo, komanso adzatsutsana ndi amuna awo n'kupasula mabanja. Omvera ankaseka, koma tsopano ankaseka mbali inayo.

Mathero ake

Nkhondo yaikulu ya 1914 idaimitsa ndawala, ndipo akazi adalowa m'mafakitale a zida, m'minda ndi m'maofesi. Mu Febuluwale 1918 lamulo lidapatsa voti akazi a zaka 30 kapena kuposa amene adali ndi nyumba kapena okwatiwa ndi eni nyumba, onse pamodzi oposa 8 miliyoni. Lord Curzon adalankhula motsutsa koma sadaponye voti yokana. Bernard Partridge yemwe uja adajambula mu Punch mkazi wooneka ngati msilikali wopambana, mbendera ili m'manja. Ku America voti idabwera mu 1920. Komabe chitonzo sichidafe. Pamene boma la Britain lidafuna kutsitsa zaka za akazi kufika pa 21 monga amuna, Daily Mail yomwe ija idayamba kunyoza voti ya atsikana opepuka mitu. Kale ankati ndi okalamba ndi osaoneka bwino. Tsopano adati ndi ana ndi okonda kudzikongoletsa. Lamulolo lidadutsa ndithu pa 2 Julayi 1928, patangopita masiku 18 Emmeline Pankhurst atamwalira. Millicent Fawcett, amene ali ndi zaka 19 adamva Mill akulankhula mu 1867, adaliona tsikulo ali ndi zaka 81. Kuyambira 2018 chiboliboli chake chaima pa bwalo loyang'anizana ndi Nyumba ya Malamulo ija.

Tsono nkhaniyi isatichititse kudana ndi nthabwala. Amayi athu pa mtondo akhala akuimba nyimbo zonyogodola mwamuna waulesi ndi mpongozi wovuta kuyambira kale, ndipo nyimbo zotere zakonza mabanja ambiri, chifukwa zimapatsa pakamwa munthu amene pa bwalo sapatsidwa mpata. Chofunika ndi kufunsa mafunso awiri nthawi iliyonse pamene tauzidwa kuti tiseke. Kodi nthabwalayi ikuloza chimene munthu wachita, kapena chimene adabadwa nacho? Kodi tikatha kuseka, funso limene munthuyo adafunsa layankhidwa, kapena langokwiriridwa? Funso la amayi aja lidali lalifupi: timakhoma msonkho, timamvera malamulo, tikalakwa timamangidwa, nanga bwanji sitisankha nawo opanga malamulowo? Kwa zaka 61 funso limeneli silidapeze yankho lokwanira, ndipo phokoso la kuseka lidathandiza kubisa kusowa kwa yankholo.

Inu aphunzitsi mumaziona zimenezi m'kalasi. Mtsikana akweza dzanja, alakwitsa liwu limodzi, anyamata a kumbuyo aseka, ndipo dzanja limenelo silidzakweranso mpaka chaka chitha. Palibe amene wamumenya, palibe lamulo limene lamuletsa, koma watsekedwa pakamwa mofanana ndi mkazi uja wa loko pa positikhadi. Mukaona zotere musapitirire ndi phunziro ngati palibe chachitika. Mubwerereni mwanayo, mumufunsenso, ndipo kalasi lidikire mpaka atamaliza. Ndipo inu amene mwangotsiriza sukulu, tsiku lina mudzaimirira pa msonkhano wa mudzi, wa mpingo kapena wa kuntchito kunena chinthu chimene anthu sadachizolowere, ndipo mwina adzakusekani. Mukumbukire Annie Kenney, mtsikana wa m'fakitale amene adafunsa funso lake, anthu n'kumusowetsa mtendere, iye n'kulifunsanso kachiwiri.